Mkazi wa m'cikalata: kuwerenga buku la John Woolman tili ku Chipata

Liwu lakuti mboni timalimva m'malo awiri. Ku khoti, mboni ndi munthu amene anaona ndi maso ake ndipo akufotokoza zimene anaonazo. Ku chalichi, mboni ndi munthu amene moyo wake ndiwo umakamba zimene akhulupirira, ngakhale zitamutayitsa nchito, abale kapena moyo umene. Pali mabuku amene amayesa kusenza matanthauzo onse awiri pamodzi. Limodzi mwa mabukuwa ndi The Journal of John Woolman, limene linasindikizidwa ku Philadelphia mu 1774, patapita zaka ziwiri mwini wake atamwalira. Likupezeka kwaulere pa intaneti, pa Project Gutenberg, ndipo silidya mabandulo. Cingelezi cake n'cakale, koma wa Giredi 11 wolimbikira angathe kulimaliza.

Ndinene maganizo anga poyambirira pomwe. Pa nkhani ya kukana coipa, mabuku oona mtima ngati ili ndi ocepa. Koma bukuli lili ndi dzenje pakati: anthu amene wolemba anali kuwamenyera nkhondo salankhulamo. Dzenje limenelo si la ku America kokha. Likutikhudza ife a kuno kum'mawa, amene dziko lathu linaturukamo akapolo, ndiponso linalandirapo anthu othawa cifukwa ca cikhulupiriro.

Tiyambe ndi kudziwa anthu ake. Woolman anali wa mpingo umene dziko limauchula kuti Quaker. Eni ake amadzichula Abwenzi, ndipo dzina lonse la mpingowo ndi Religious Society of Friends. Unayamba ku England ca m'ma 1650 ndi ulaliki wa George Fox, mwana wa munthu woomba nsalu. Dzina lakuti Quaker, kutanthauza wonjenjemera, linali lacipongwe: woweruza wina ku Derby anamuchula conco mu 1650, Fox atamuuza kuti anjenjemere pakumva mawu a Mulungu. Ciphunzitso cawo cinali cacifupi. Mulungu amalankhula mumtima mwa munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, wophunzira kapena wosaphunzira. Motero analibe abusa olipidwa, ndipo pa mapemphero anali kukhala cete mpaka wina atamva kuti ali ndi mawu oti anene. Anali kukana kulumbira m'khoti, ponena kuti munthu woona alibe coonadi ca mitundu iwiri. Anali kukana kuvulira cipewa akuluakulu, kukana msonkho wa chalichi ca boma, kukana nkhondo. Pa zifukwa zimenezi masauzande anaponyedwa m'ndende ndipo mazana anafera momwemo. Ku Boston, Mary Dyer ananyongedwa mu 1660 cifukwa cobwerera mumzinda umene anamupitikitsamo.

Nyumba yawo yopemphereramo simungaione ku Kapata kapena ku Mchini, koma maina awo munakumana nawo. Banki ya Barclays, imene tsopano tikuidziwa ndi dzina la Absa, inayambidwa ndi ma Quaker ku London. Cokoleti ca Cadbury naconso cinayambidwa ndi ma Quaker. Kuno ku Africa ali ambiri ku Kenya, kumene amishoni awo anafika ku Kaimosi mu 1902, ndipo lero Kenya ili ndi ma Quaker ambiri kuposa dziko lina lililonse. Popeza sanadalire kwambiri ziphunzitso zoloweza pamtima, cikhulupiriro cawo anali kucipatsirana kudzera m'mbiri za moyo. Munthu anali kulemba ulendo wake wauzimu, ndipo akamwalira anzake anali kuusindikiza kuti otsala aphunzirepo. Buku la Fox linaturuka mu 1694. La Woolman ndi la m'banja lomwelo, ndipo ndilo limene anthu osakhala a mpingowo amaliwerengabe.

Woolman anabadwa mu 1720 ku New Jersey, m'banja la alimi. Anayamba kulemba bukuli ali m'caka ca 36 ca moyo wake. Nkhani yoyamba yokhala m'mutu ndi ya ubwana: anaponya miyala kambalame kamene kanali kuteteza cisa cake, nakapha. Atazindikira kuti anapiye adzafa ndi njala, anakwera mumtengo n'kuwapha nawonso, ndipo maola angapo sanathe kuganiza cina. Apa mwaona kale munthu amene mudzayenda naye m'buku lonse. Safunsa cabe kuti kodi ndalakwa. Amafunsa kuti coipa cimene ndacita cafika mpaka kuti, ndipo cagwera yani.

Mtima wa bukuli uli pa tsamba limodzi. Ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, Woolman anali kugwira nchito m'sitolo ku Mount Holly. Bwana wake anali ndi kapolo wamkazi ndipo anamugulitsa. Wogula, amene anali Quaker wacikulire, anali ciimire kudikira, ndipo bwana anauza mnyamatayo kuti alembe cikalata cogulitsira. Woolman analemba. Koma polemba anauza amuna awiriwo pamaso kuti iye akhulupirira kuti kusunga akapolo sikugwirizana ndi Cikhristu. Mawuwo anamupepuzako mtima pang'ono, koma pambuyo pake anaona kuti cinali coyenera ndi kukana kulemba. Cimene cimandigwira pa ndime imeneyi n'cakuti wolemba sadzikometsera. Akuchula zonse zimene zinamufooketsa: zinacitika mwadzidzidzi, wolamula anali womulipira, wogula anali mkulu wa mpingo wake womwe. Aliyense amene anapatsidwapo pepala ndi bwana kuti asaine osafunsa adzazindikira zifukwa zitatuzi.

Masamba otsatira ndi mndandanda wa zimene anakana, ndi mtengo wa cina ciliconse. Anthu anali kubwera kwa iye kuti awalembere wilo. Akafika pa gawo logawira ana akapolo, anali kuima n'kunena mofatsa kuti gawo limenelo sangalembe, ngakhale kuti potero anali kutaya ndalama. Ena anapita kwa wina, ena anabwerera atasintha mtima n'kumasula akapolowo. Mu 1746 anayenda miyezi itatu, makilomita pafupifupi 2,400, kudutsa Maryland, Virginia ndi North Carolina, kumene anaona ma Quaker anzake akudya thukuta la akapolo. Pa ulendo wa 1757, akagona m'nyumba yotere, m'mawa anali kusiya ndalama zoti zipatsidwe kwa akapolo amene anamutumikira. Taganizirani kulimba mtima kwake: mwini nyumba wakuchereza bwino, iwe n'kumuonetsa pamaso kuti nsima imene wadya ili ndi ngongole.

Sizinathere pamenepo. Sitolo yake itayamba kukula, anaicepetsa dala n'kumadalira utelala ndi munda wa mitengo ya zipatso, poona kuti kufuna zambiri ndiko kumabala kupondereza ena. Analeka shuga wa ku West Indies cifukwa anali wolimidwa ndi akapolo. Anayamba kuvala cipewa ndi zovala zosanyika mu utoto, ndipo anzake ena anamuganizira kuti akufuna kuoneka. Mu 1772, popita ku England, anakana cipinda cabwino ca m'sitima n'kukagona pansi pamodzi ndi amalinyero. Atafika anakana kukwera ngolo za akavalo cifukwa ca nkhanza zimene akavalo ndi anyamata oziyendetsa anali kuona, nayenda pansi kupita kumpoto. Anamwalira ndi nthomba ku York pa 7 October 1772, ali ndi zaka 51.

Mphamvu ya kalembedwe kake ili m'kuzizira kwake. Woolman safuula. Sachula adani ake maina onyoza. Akakumana ndi munthu wonena kuti anthu akuda ndi mbumba ya Kaini, amangomukumbutsa kuti malinga ndi Baibulo lomwelo, amene anapulumuka cigumula ndi banja la Nowa lokha. Akakumana ndi wonena kuti akapolo anawapulumutsa ku nkhondo za ku Africa, amayankha kuti cikanakhala cifundo cimene cinawatenga, cifundo comweco cikanaoneka m'kasungidwe kawo. Sanali Quaker woyamba kutsutsa ukapolo. Benjamin Lay, munthu wamfupi kwambiri ndi waukali, mu 1738 anaimirira pa msonkhano wa pacaka ku Burlington n'kubaya ndi lupanga buku limene anabisamo cikhodzodzo codzaza madzi ofiira, madziwo n'kuwazikira eni akapolo ngati magazi. Lay anamucotsa mumpingo. Woolman anakhalamo, nayenda khomo ndi khomo. Mu 1758 msonkhano wa pacaka wa Philadelphia unagamula kuti wogula kapena kugulitsa kapolo asakhalenso ndi mawu pa zocita za mpingo, ndipo mu 1776 unagamula kucotsa aliyense wokana kumasula akapolo ake. Ena amati kufatsa kwa Woolman ndiko kunapambana ukali wa Lay. Ine ndimaona kuti wina anagwedeza mtengo, wina anatola zipatso.

Tsopano tibwerere m'sitolo ya ku Mount Holly. M'cipindamo munali nkhani ya anthu anayi: bwana, wogula, wolemba, ndi mkazi wogulitsidwa. Za wolemba timva zonse, mpaka kulemera kwa mtima wake. Za mkaziyo sitimva kanthu. Dzina lake mulibe. Kaya anali ndi ana, kaya analira, kaya anapita kuti, bukuli lili duu. Iye ndiye anagulitsidwa, koma nkhani ndi ya munthu amene anagwira colembera. Zimenezi zibwerezanso kumapeto, pamene Woolman akumbukira kuti iye ndi mnzake, poyendetsa cuma ca masiye, anagulitsa mnyamata wakuda kuti atumikire mpaka zaka 30. Cikumbumtima cinamuvuta kotero kuti anadzimanga ndi cikalata kulipira zina mwa zaka zomalizazo. N'zoyamikika. Koma mnyamatayonso alibe dzina, alibe mawu.

Wina anganene kuti ndiwo unali mwambo wa nthawi imeneyo, ndipo mabuku a mtundu umenewu colinga cake ndi kuonetsa nchito ya Mulungu mumtima mwa wolemba. Ndikuvomera, koma bukuli lokha litsutsa cifukwa cimeneci. Mu 1763 Woolman anayenda ulendo woopsa kupita ku Wyalusing kukaceza ndi Amwenye a ku America, ndipo kumeneko achula mtsogoleri wawo Papunehang ndi dzina, nasunganso mawu amene iye ananena atamva pemphero. Ndiye kuti Woolman anali kudziwa kuchera khutu kwa munthu wa mtundu wina ndi kulemba zimene wamva. Kwa akapolo, amene anawathera moyo wake wonse, sanatero. Iwo m'bukuli ndi khamu loonedwa patali: ovala zosakwana, odya zocepa, olekanitsidwa ndi akazi awo. Amawamvera cisoni, koma sitimumva akuceza nawo.

Dzenje la m'buku linali dzenje la mumpingo. William Penn, amene anakhazikitsa Pennsylvania, anali ndi akapolo. Kalata yoyamba yotsutsa ukapolo inalembedwa ku Germantown mu 1688, ndipo misonkhano inangoipatsirana mpaka inaikidwa pambali. Kucoka 1688 kufika 1776 ndi zaka 88, moyo wonse wa kapolo, wa mwana wake ndi wa mdzukulu wake. Ngakhale atamasulidwa, anthu akuda sanalandiridwe msanga monga abale. William Boen, munthu wakuda wa kudera la Mount Holly amene anali kudziwana ndi Woolman, anapempha umembala ali mnyamata ndipo anamulola mu 1814, ali nkhalamba. M'misonkhano ina anthu akuda anali ndi benchi lawolawo kumbuyo. Ma Quaker a masiku ano sabisa zimenezi: Donna McDaniel ndi Vanessa Julye anazilemba m'buku la 2009, Fit for Freedom, Not for Friendship. Munthu ungathe kumumenyera ufulu koma osafuna kudya naye m'mbale imodzi.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngati tifuna mawu a munthu wa m'cikalata, tiyenera kuwafuna kwa iye mwini, ndipo apa cinenero cathu cili ndi cocipereka. Akapolo a kuno sanapite ku New Jersey. Anapita kum'mawa, kudutsa nyanja ya Malawi, kukafika ku Kilwa, Zanzibar ndi Pemba, ena mpaka ku Arabia. Ma Quaker a ku England atatsegula mishoni yawo ku Pemba mu 1897, caka cimene ukapolo unacotsedwa m'malamulo a zisumbuzo, ambiri mwa anthu a m'minda ya kumeneko anali ocokera ku maiko a kufupi ndi nyanja yathu. Mmodzi mwa ana amene anayenda njira ya kum'mawa imeneyi analemba mbiri yake m'Cinyanja. Ndi Petro Kilekwa, ndipo buku lake linaturuka ku London mu 1937 ndi mutu wakuti Slave Boy to Priest, lomasuliridwa m'Cingelezi ndi K. H. Nixon Smith.

Kilekwa, amene kwawo anali Chilekwa, anabadwira pakati pa Abisa kufupi ndi nyanja ya Bangweulu, m'dziko lathu lino. Anagwidwa ali mwana ndi anthu amene iye awachula Maviti, dzina limene linali kuperekedwa kwa magulu ankhondo a Angoni ndi ena owatsanzira. Amayi ake anayesa kumuombola, koma nsalu imene inafunidwa, mayadi 8, sanaipeze. Anamuyendetsa mpaka kugombe, namukweza m'combo ca Aluya. Sitima yankhondo ya Britain inagwira comboco n'kuwatsitsa ku Muscat. Pambuyo pake anagwira nchito pa sitima zankhondo, anaphunzira ku Kiungani ku Zanzibar, nakhala mphunzitsi, kenaka wansembe wa Anglican ku Nyasaland.

Ikani mabuku awiriwa pambali ndi pambali. Kwa Woolman mtengo wa munthu ndi funso la cikumbumtima. Kwa Kilekwa ndi mayadi 8 a nsalu amene mayi alibe. Ciwerengero cimodzi cimeneci cimanena zimene masamba khumi a cisoni ca munthu woonerera sanganene. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Komanso Kilekwa satilola kuloza cala kunja kokha, pakuti amene anamugwira sanali azungu. Kwa ife a ku Chipata, amene caka ndi caka timapita ku Mtenguleni kukanyadira Nc'wala, ndime imeneyo ndi yowawa, ndipo n'cifukwa cake iyenera kuwerengedwa. Kunyadira makolo sikuletsa kudziwa amene analira pamene makolowo anali kupambana.

Buku la Kilekwa nalonso si lomasuka kotheratu. Analisindikiza ndi a mishoni ya UMCA, ndipo mutu wake ukukuuzani kale kumene nkhani iyenera kuthera: pa guwa. Moyo wa munthu waukonza kukhala makwerero, kapolo pansi, wansembe pamwamba, kuti wowerenga wa ku England aone kuti zopereka zake zinagwira nchito. Ndipo buku limene limayenda m'manja mwa anthu ndi la Cingelezi, kotero kuti ife eni cinenero timamumva Kilekwa kudzera m'kamwa mwa womasulira. Woolman ali ndi mawu ake onse koma alibe mawu a kapolo. Kilekwa ndi kapolo wolankhula, koma cimango ca nkhani yake anamumangira ena.

Pali cinthu cinanso cimene buku la Woolman limatiphunzitsa mosafuna: mboni ndi yosavuta kuiombera m'manja ikakhala kutali, kapena ikamaloza mdani wathu. Mbiri ya dziko lathu ikuonetsa zimenezi. Kuciyambi kwa 1962, gulu la World Peace Brigade linafika ku Dar es Salaam kudzathandiza a Kenneth Kaunda ndi cipani ca UNIP. Mmodzi mwa atsogoleri ake anali Bayard Rustin, Quaker wakuda wa ku Pennsylvania, amene caka cotsatira anakonza msonkhano waukulu wa ku Washington kumene Martin Luther King analankhula. Pulani inali yakuti khamu la anthu a maiko osiyanasiyana liyende pansi, lopanda zida, kucoka ku Tanganyika kulowa mu Northern Rhodesia, pa nthawi imene a Kaunda anali kuopseza sitalaka ya dziko lonse. Boma la Britain litasintha malamulo a cisankho, ulendowo unaimitsidwa. Pamenepo kukana lamulo cifukwa ca cikumbumtima kunali kokoma kwa ife, pakuti lamulolo linali la atsamunda.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, anthu okana anaoneka mwina. Sanali ma Quaker. Anali a Mboni za Yehova, mpingo wosiyana kwambiri ndi wa Woolman pa ciphunzitso ndi kayendetsedwe. Cofanana ndi cimodzi: kukana kanthu kooneka kakang'ono kamene boma likuti aliyense acite. Mu 1967 khoti lalikulu linaweruza mlandu wa Kachasu, wokhudza mtsikana wa sukulu ku Mufulira amene anaimitsidwa cifukwa cokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kucitira sawasha mbendera. Khoti linavomera kuti ufulu wa cikumbumtima cake unakhudzidwa, koma linati lamulolo linali lofunika pa citetezo ca dziko, ndipo mtsikanayo analuza. Ine ndine mphunzitsi. Ndimaima pa asembule, ndimaimba nyimbo ya fuko ndi mtima wonse, ndipo ndimafuna ana anga aziidziwa. Koma sindingayamikire Quaker wokana kuvula cipewa pamaso pa mfumu ya England, n'kukhala wosafunsa cimene ndingacite ndi mwana woima cete pa mzere wa kalasi langa. Funso ndi lomwelo, langosintha mbendera.

Nkhani yolemera koposa inacitikira pakhomo pathu. Ku Malawi, boma la a Kamuzu Banda linaletsa Mboni za Yehova mu 1967, makamaka cifukwa cokana kugula khadi la cipani ca Malawi Congress Party. Mu September 1972 msonkhano wa cipanico unagamula kuti acotsedwe nchito ndi kupitikitsidwa m'midzi. Acinyamata a cipani anamenya anthu, kuocha nyumba, kugwirira akazi, ndi kupha ena. Anthu oposa 19,000 anaoloka malire n'kusonkhanitsidwa pa msasa wa Sinda Misale, kuno ku Eastern Province. Madzi abwino ndi mankhwala zinali zosakwana, ndipo oposa 300 anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Mu December caka comweco, mwezi umene Zambia nayonso inakhala dziko la cipani cimodzi, anthuwo anakwezedwa m'malole n'kubwezedwa ku Malawi. Mazunzo atayambiranso, ambiri anathawira ku Mozambique. Ciletsoco cinacotsedwa mu 1993.

Sikofunika kugwirizana ndi ciphunzitso ca anthu amenewa kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Khadi linali la ndalama zocepa, monga momwe cikalata ca ku Mount Holly cinalili pepala limodzi. Anthu olankhula cinenero cathu, a mafuko athu omwe, Aphiri ndi Abanda, anasankha kutaya nyumba ndi munda m'malo mogula kapepala. Ena anaika ana awo m'manda m'dothi la cigawo cino. Nkhaniyi mudzaipeza m'mabuku a mpingo wawo, amene amaifotokoza monga umboni wa cikhulupiriro, ndi m'zolemba za akatswiri a mbiri, amene amaifotokoza monga nkhani ya boma ndi mphamvu. Zonse ziwiri n'zofunika. Koma pali malo a wolemba nthano, ndakatulo ndi sewero, amene angafunse mafunso ena: mayi amene mwana wake anafera pa msasa anaganiza ciyani za cisankho cake? Mnyamata wa cipani amene anaocha nyumba ya amalume ake anagona bwanji usiku umenewo? Nanga mwini munda wa kufupi ndi msasa, dalaivala wa lole, namwino? Ana a nthawi imeneyo lero ndi agogo, ndipo ena tikukhala nawo m'makomboni mwathu, tikugula kwa iwo pa Saturday Market.

Kwa anzanga acinyamata amene mumalemba, buku la Woolman likupatsani muyeso umodzi ndipo dzenje lake likupatsani wina. Muyeso woyamba ndi mtengo. Masiku ano kutsutsa coipa pa Facebook n'kochipa, ndipo ndakatulo zathu zambiri zimakalipira katangale, nkhanza ndi umphawi popanda munthu aliyense m'ndakatulomo kutayapo ngwee. Woolman sakamba za coipa mumlengalenga. Amachula kasitomala amene anataya, shuga amene analeka, malo amene anagona. Mukalemba za munthu wokana, tionetseni cimene wataya: msika umene anaucoka cifukwa cokana citenje ca cipani pa nthawi imene makada anali kulamula m'misika, mayeso amene analowa opanda likeji anzake onse ali nayo, nchito imene inamudutsa cifukwa cokana kupereka kangacepe.

Muyeso waciwiri ndi wakuti ndani akulankhula. Ngati nkhani yanu ndi ya mtsikana wokwatiwa ali mwana, koma mawu onse ndi a mphunzitsi wacifundo amene anamupulumutsa, mwalemba Mount Holly winanso. Mupatseni mtsikanayo dzina, ngakhale lopeka, ndi maganizo amene mwina sagwirizana ndi anu. Mukapita kwa agogo kukafunsa za 1972, pemphani cilolezo, khalani pansi, ndipo musawakonzere mathero. Samuel Ntara anaonetsa kale, ndi mabuku monga Nthondo ndi Msyamboza, kuti cinenero cathu cimatha kusenza moyo wonse wa munthu kucoka pa kubadwa kufika pa imfa. Cida tili naco.

Kodi The Journal of John Woolman ndi loyenera nthawi yanu? Inde. Lili ndi masamba otopetsa, odzaza maina a misonkhano ndi mitunda ya maulendo, ndipo mungawadumphe popanda kutaya kanthu. Koma mitu yoyambirira, ulendo wa 1757 ndi masamba a m'sitima ndi zolemba za munthu amene anakana kudzinamiza, ndipo anthu otere amasowa m'nyengo iliyonse. Liwerengeni pamodzi ndi Kilekwa, osati palokha. Lokha lingakupangitseni kuganiza kuti mbiri ya ufulu ndi mbiri ya anthu abwino amene anamvera ena cisoni. Pamodzi, mabuku awiriwa akuonetsani kuti mlandu umafuna mboni ziwiri: amene anakana kusaina, ndi amene dzina lake linali pa pepalalo.